Kanjiwa ndi Zikwangwani Zachilendo

Kanjiwa ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kukumbatira amayi ake.

Amayi anali namwino kudziko lakutali. Kanjiwa anawasowa kwambiri.

Tsiku lina Kanjiwa ndi abambo anakwera ndege. Atafika, abambo anachita hayala galimoto.

"Tifulumire, mwanawe," anatero abambo. "Amayi ako akupuma pang'ono masana ano. Tikachedwa, alowanso ntchito mpaka mawa."

Koma mzindawo unali wachilendo. Magalimoto ankayenda mbali inayo ya msewu. Zikwangwani zinali ndi zilembo zopindikapindika.

Abambo anakanda mutu. Munthu wowerenga nyuzipepala yonse, lero anasowa poyambira!

"Zilembo izi zandikanika," anadandaula abambo.

Kanjiwa anali asanadziwe kuwerenga. Koma kusukulu ankajambula zikwangwani ndi choko.

"Ababa, musawerenge. Ingoyang'anani maonekedwe ake."

Anafika pa chikwangwani chofiira cha ngodya zambiri.

"Imani, ababa!"

Abambo anaima. Basi yaikulu inadutsa, fyuu!

Anafika pa chikwangwani cha ngodya zitatu. Chinali chozondoka.

"Dikirani, ababa! Ayambe ena kudutsa."

Abambo anadikira. Thukuta linali kamukamu pamphumi.

Anafika pamsewu wozungulira. Manja a abambo anakumbuka zakwawo. Anayamba kukhotera kolakwika.

"Uko ayi, ababa! Mivi yoyera ikuloza uku."

"Zoona, mama," anatero abambo. "Ndiwe maso anga lero."

Kenako chipatala chinaonekera. Nthawi inali itatha. Abambo anawonjezera liwiro.

Patsogolo panali mizere yoyera. Mayi wina anaima m'mbali mwake. Anali ndi ambulera kumaso. Ankafuna kuwoloka kupita kuchipatala.

Kanjiwa ankafuna afike msanga. Ankafunadi! Koma anakumbukira lamulo la pamsewu.

"Imani, ababa. Woyenda pansi ndiye woyamba."

"Tachedwatu, mwanawe."

"Kuthamanga si kufika, ababa."

Abambo anaseka. Anaima.

Mayiyo anayamba kuwoloka. Anakweza ambulera kuti athokoze. Kenako anaima chilili.

"Amayi!" anafuula Kanjiwa.

Anali amayi ake! Anali atatopa kudikira. Ankabwerera kuntchito.

Abambo anaimika galimoto pambali. Kanjiwa anatsika. Amayi anataya ambulera. Anamunyamula juu!

"Mwana wanga! Mukanangodutsa, tikanaphonyana."

Kanjiwa anabisa nkhope pakhosi pa amayi ake, ndipo anagwiritsa zolimba.