Mtengo Wamera Imvi

Namafunso anali mwana wa wometa tsitsi. Dzinali anampatsa ndi anthu odzameta. Paja iye sankasowa funso.

Pakhomo la babashopu panali mtengo waufupi. Unali mumphika waukulu wa simenti. Masamba ake anali ngati a kanjedza. Dzina lake linali saikadi.

Namafunso ankaukonda mtengowo. Ankauthirira asanapite kusukulu. Ankafuna kuti ukule, umupitirire msinkhu.

Koma mtengo uja unayamba kutuwa. Pansi pa masamba, mbuu! Pa thunthu, mbuu! Masamba ena anasanduka achikasu.

"Mtengo wanuwu wamera imvi," anatero mkulu wina akumetedwa. "Upakeni dayi!"

Onse anaseka. Namafunso sanaseke.

"Ababa, kodi ndi ufa?"

"Si ufa."

"Kodi ndi penti?"

"Si penti, mwanangu. Wadwala basi. Mawa ndikautaya kudzala."

Kudzala! Namafunso anautsa liwiro. Anathamangira kwa azakhali ake. Azakhali ankagwira ntchito ku nazale ya maluwa.

"Azakhali, tiyeni msanga! Mtengo wanga ukufa!"

Azakhali anamukweza panjinga. Anafika ngrii ngrii! Anagwada pafupi ndi mtengo. Anatembenuza tsamba mofatsa. Kenako anatulutsa kagalasi kokuza zinthu.

"Tasuzumira apa," anatero azakhali.

Namafunso anasuzumira. Anaona tizigoba toyera. Tinali tambirimbiri!

"Kodi tili ndi moyo?"

"Inde. Pansi pa kachigoba pali kachilombo. Kamamatira patsamba. Kamayamwa madzi a mtengo."

"Tachokera kuti?"

"Kutali kwambiri. Timabwera ndi mbande za kwina. Mphepo nayo imatiulutsa."

Bambo anakanda kumutu.

"Ndiye tiutaye, achemwali?"

"Ayi, achimwene. Mukautaya, tizilomboti tikalowa m'mitengo ya anzanu. Uwu tiumeta."

Azakhali anatenga sizasi yawo yaikulu. Tsamba lachikasu, khapu! Lina, khapu! Masamba obaya sankawaopa. Namafunso anangoti maso dwii. Sanaonepo manja aluso chonchi.

Masamba odulawo anawaika m'thumba. Namafunso anamanga thumbalo zolimba.

"Kasapulumuke kachilombo ndi kamodzi komwe," anatero azakhali. Anamwetulira. "Tsopano bweretsa mswachi wakutha."

Namafunso anabweretsa mswachi. Bambo anabweretsa botolo lopopera tsitsi. Azakhali anathiramo madzi. Anathiramo sopo pang'ono. Anathiramonso mafuta pang'ono. Anakhutchumula, khutchu khutchu!

"Tipopere pano?" anafunsa Namafunso.

"Dikira dzuwa lipepe. Masamba angapse."

Dzuwa linapepa. Azakhali anapopera, fuu fuu! Namafunso anakwecha, kwe kwe kwe! Anakwecha pansi pa masamba. Anakwecha m'mikwingwirima ya thunthu.

"Tatha?"

"Sitinathe. Tina tabisala m'mizu. Tizituluka pang'onopang'ono. Iwe usatope."

Mtengo unatsala ndi masamba ochepa. Unkamvetsa chisoni.

"Mwaumeta mpala!" anaseka anthu odzameta.

Namafunso sanatope. Sabata iliyonse ankapopera. Sabata iliyonse ankakwecha. Tizilombo tinabweranso. Iye anakwechanso. Mkono unkawawa, koma sanasiye.

Panapita nthawi yaitali. M'mawa wina Namafunso anakuwa.

"Ababa! Ababa! Bwerani!"

Bambo anatuluka chipeso chili m'manja. Pamwamba pa thunthu panali masamba atsopano. Anali ofewa. Anali opotana ngati timichira. Anali obiriwira bwino!

Madzulo azakhali anabwera. Anayang'ana tsamba lililonse. Anafukula dothi ndi chala.

"Wachira," anatero. "Wagwira ntchito yotamandika, mwana iwe. Koma uziusuzumirabe."

Kenako anaitana Namafunso. Analoza patsinde. Panali kamphukira kozungulira ngati dzira.

"Mtengo wako wabereka mwana."

Azakhali anakachotsa ndi mpeni. Anakatsuka bwinobwino. Bambo anaboola chitini. Anathiramo dothi latsopano.

"Aka ndi kako," anatero bambo. "Kakakhale kunyumba."

Namafunso ananyamula chitinicho ndi manja awiri. Anayenda pang'onopang'ono. Azakhali ankakankha njinga pambali pake. Bambo ankabwera m'mbuyo, akuuza aliyense panjira:

"Patukani, patukani! Mwana wanga wanyamula mtengo!"