Dzina la pa Simenti ya Mjigo

Pakhomo pa a Goodson Ziba, m'mudzi wina kufupi ndi Embangweni, tsiku silinkayamba popanda pemphero. Bamboyo anali mkulu wa mpingo komanso mlimi wa fodya, munthu wosadziwa kukweza mawu. Iye ndi mkazi wake, NyaShaba, anali ndi anyamata awiri. Wamkulu anali Brave, wamtali, wapakamwa pokoma, woti akayamba nkhani ngakhale opita kuchigayo ankatula matumba kuti amve. Wamng'ono anali Chawanangwa, wofatsa, manja ake akuda ndi girisi nthawi zonse chifukwa chokonda kumasula njinga za anthu. Makolo ankawakonda mofanana anawa, koma Brave ankayeza chikondicho tsiku ndi tsiku ngati wogula mchere pamsika, ndipo nthawi zonse ankapeza kuti chake chaperewera.

Chaka chimenecho chinali cha zisankho. Ofuna uphungu ankadutsa ndi zimkuzamawu, kumwaza zitenje ndi fumbi, kenako zii. Koma panali mmodzi wosiyana, mayi Iness Thole, namwino wopuma pantchito amene ankaima payekha. Iwowa anafika m'mudzimo pa kabaza, ndipo msonkhano wawo anauchitira pa mjigo umene unafa zaka ziwiri zapitazo.

"Ine sindidzakugulirani mabokosi a maliro," anatero mayiwo, anthu nkuyamba kung'ung'udza. "Ntchito ya phungu ndi kuonetsetsa kuti maliro achepe. Mankhwala azipezeka kuchipatala, mlatho usamapite ndi mvula yoyamba, mjigo uzitulutsa madzi. Chikalephereka, pazikhala munthu wodziwika dzina woti mumufunse. Nanga mjigo uwu utafa munafunsa ndani? Wina analoza mnzake, mnzakeyo analozanso wina, ndipo womaliza foni yake inali yozima."

Amayi a m'mudzimo anaseka mowawidwa mtima, pakuti zinalidi choncho. Mayi Thole anapempha mudzi kuti upereke mnyamata mmodzi wokaphunzira kukonza mijigo ku Boma kwa milungu iwiri. Maso onse anagwera pa Brave, poti ndiye wamkulu komanso wasukulu.

"Alawansi iliko?" anafunsa Brave.

"Kuli chakudya ndi pogona basi, mwana wanga."

"Mbwenu basi, ine ndili ndi zochita zambiri," anatero, ngakhale zochita zake zinali bawo ndi mpira wa pa wailesi.

Chawanangwa ndiye anapita. Anabwerako ndi chikwama cha zipangizo, momwe munali sipanala yapadera yotsegulira mutu wa mjigo, yokhayo m'dera lonselo. Tsiku lokonza, Brave anathandiza kunyamula ndodo zachitsulo zomwe zimatsikira pansi kukakoka madzi, ndipo anaonetsetsa kuti aliyense wamuona akutuluka thukuta. Madzi atatuluka, nthungululu zinamveka mpaka kudambo. Amisiri anathira simenti yatsopano pansi pa mjigo, ndipo isanaume mayi Thole anatola msomali nkulemba: Wakonza ndi Chawanangwa Ziba. Mmunsi mwake analembamo dzina lawo.

"Mundimvetse bwino," anatero akupukuta manja. "Maina awa si ulemu, ndi katundu. Mjigo uwu ukadzafa, mudzatifunse ife awiri."

Brave mawu amenewo sanawamve. Iye anangoona dzina, ndipo silinali lake.

Kuyambira tsiku limenelo, nsanje inamanga msasa mumtima mwake. Njira yopita kumsika inkadutsa pa mjigo, ndiye kawiri pa tsiku ankaliwerenga dzinalo, kawiri pa tsiku mtima nkumuwawa. Amayi otunga madzi ankati akamuona, "Yewo chomene, mukatithokozere kwa mng'ono wanu!" Iye ankamwetulira ndi mano okha. Midzi ina inayamba kuitana Chawanangwa, ndipo ankabwerako ndi nkhuku kapena nthochi, nkupereka kwa amayi ake. Nkhukuzo Brave ankadya nawo ndithu, mpaka kuphwanya mafupa, koma akudandaula kuti zalowa mchere wambiri.

Bambo ake anaziona. Tsiku lina akusankha fodya m'chigafa anamuitana.

"Brave, nkhope yako yasintha. Mng'ono wako wakulakwira chiyani?"

"Palibe, adada. Koma ndodo zija ndinanyamula ndine. Dzina langa lili pati?"

"Unaitanidwa poyamba ndiwe, unakana. Mwana wanga, Kaini sanayambe ndi mwala, anayamba ndi nkhope yakugwa ngati yakoyi. Gwada upemphere chisanakule."

Brave anayankha kuti wamva, koma anatuluka osagwada.

Pamsika panali Tonny, mnyamata wa magalasi akuda amene ankayendetsa kampeni ya munthu wina wofunanso uphungu. Tonny ankanunkhiza mtima wowawa ngati mmene ntchentche imanunkhizira bala. Anamugulira Brave mowa, woyamba m'moyo wake, nkumukhazika pa njinga yake yamoto kuti aimve kukoma.

"Iwe ndiye mutu wa banja lija, aise," anatero Tonny. "Koma akulambira kamwana kokonza njinga. Amama Thole ajanso akuwina ndi mjigo womwewo. Utangofa, onse awiri agwa. Bwana wanga akalowa, njinga ngati iyi ndi yako, ndipo mjigo watsopano tidzalembapo dzina lako ndi penti."

"Nanga anthu azimwa chiyani?"

"Milungu iwiri yokha. Kodi zaka ziwiri zija anafa?"

Brave anakana tsiku loyamba. Tsiku lachiwiri anangoti aganiza. Lachitatu anafunsa yekha kuti achite liti.

Anasankha Lamulungu la mgonero, tsiku limene mudzi wonse umapita ku tchalitchi chachikulu, nkutsala nkhuku ndi mbuzi zokha. Mmawa Brave anagwira pamimba nkumabuula. Amayi ake anamusiyira phala, namupempherera asananyamuke. Anthu atangozimiririka, anasolola sipanala m'chikwama cha mng'ono wake. Tonny anali atafika kale ndi ngolo. Dzuwa lili pamutu anatsegula mjigo, nazula ndodo zonse imodziimodzi, naziphimba ndi mapesi m'ngolomo. Brave anabwezera sipanala pamalo pake nkukagonanso, ndipo phala lija anamwa lonse.

Madzulo amayi otunga madzi anapukusa mjigo, chogwirira chikungogwa chopanda mphamvu. Atautsegula, anapeza m'kati muli mbee. Palibe chimene chinathyoledwa, mabawuti onse anamasulidwa bwinobwino. Apa ndi pamene Brave anazindikira chimene sanachiganizire: iye ankafuna kuti mng'ono wake aoneke mmisiri wosadziwa ntchito, koma sipanala inali imodzi yokha, ndipo mwini wake aliyense ankamudziwa.

"Chawanangwa wagulitsa yekha!" anakuwa wina. "Ndi yemwe ali ndi chotsegulira!"

"Koma anali nafe ku mgonero," anatero NyaShaba akulira.

"Anatuma anzake! Akuba a masiku ano amapemphera kutsogolo!"

Pakamwa pomwe panaimba nthungululu panayamba kulavula. Pofika mmawa, wina anali atapaka ndowe pa dzina lija. Brave atadutsa nkuona, mtima wake unakondwa, ndipo tisabise, unakondwa kwambiri. Koma chimwemwecho sichinafike ngakhale kumsika.

Mayi Thole anabwera tsiku lomwelo. Sanathawe, anaima pa simenti yonunkhayo anthu akuwakuwiza.

"Ndinati mudzatifunse, ndiye ndabwera," anatero. "Sindikudziwa amene waba, ndipo sindinamizira munthu. Nkhani ndakaisiya kupolisi. Ndodo zina ndaitanitsa ku Mzuzu, zifika pakatha milungu iwiri. Zikapanda kufika, musandivotere."

Koma inali nyengo ya chilimwe, dzuwa likuswa mtengo. Mtsinje unali kutali, ndipo amayi ankabwerako miyendo itatupa, ndi madzi ofiira. Chawanangwa sankadya. Lachinayi mmawa anatenga khasu, fosholo ndi chingwe, nkuima pakhomo pa gowelo la mkulu wake.

"Akulu, ndikukafukula chitsime chakale chija cha kudambo, anthu apezeko pomwa. Ndapota, tiyeni mukandigwirire chingwe."

"Anthu akukutukwana iwe, ukawakumbirenso chitsime?"

"Dzina lili pamjigo paja ndi langa, akulu. Ndinavomera kuti azindifunsa."

Brave anatsala pang'ono kuulula. Akanangoti ndine, zonse zikanathera pomwepo, ndi manyazi basi. Koma anayang'ana nkhope yofatsa ija, ndipo nsanje inamuuza kuti ngakhale pamavuto mwanayu akufunabe kuoneka woyera.

"Pita wekha, wotchuka iwe," anatero, nkulowera kumsika kwa Tonny.

Chitsime chija chinali chakuya, ndipo makoma ake anali a mchenga. Chawanangwa anamangirira chingwe pa chitsa nkutsika yekha. Masana mayi wina wodzera kudambo anapeza chingwe chikulendewera, nsapato zili pamphepete, dzenje litakwiririka theka. Anakuwa mpaka mawu kutha. Amuna anakumba ndi makasu, kenako ndi manja. Brave anafika akununkha mowa, nalowa m'dzenjemo, nakumba mpaka zikhadabo kuzuka. Ndiye amene anayamba kukhudza phewa la mng'ono wake, ndipo linali litazizira kale.

Pamaliro anthu anadzaza mpaka kumunda wa fodya. Omwe anapaka ndowe aja ndi amene anakatsuka simenti ija mmamawa, osauzidwa ndi munthu. Mayi Thole atapatsidwa mpata, sanatchule za voti.

"Dzina la mwanayu ndinalemba ndine, ndi dzanja ili," anatero misozi ikutsika. "Ndinamusenzetsa katundu, ndipo anausenza kuposa ife akuluakulu. Mbali yanga ndiyankha pamaso pa Mulungu. Koma pali wina pano amene akudziwa kumene ndodo zija zinapita. Ameneyo adzayankha liti?"

Brave anaweramitsa mutu, anthu nkumati ndi chisoni cha pachibale.

Ndodo zatsopano zinafika pa tsiku lomwe mayiwo analonjeza. Zisankho zinadutsa, bwana wa Tonny anagwa, ndipo Tonny anakwera basi ya ku Joni osatsanzika. Njinga yamoto ija Brave sanaione. Anayamba kuzungulira njira yaitali popita kumsika kuti asadutse pa mjigo, ndipo madzi ake akamwa ankamutsamwa. Anaonda, anasiya bawo, nkhani zake zokoma zija zinauma.

Mvula itatha, banja linakonza zomanga chiliza. Abale anasonkhana kumanda, mmisiri anasalaza simenti, nafunsa amene alembe dzina isanaume. A Ziba anatulutsa msomali m'thumba la jekete.

"Brave, ndiwe wamkulu, ndiponso dzanja lako ndi labwino. Mulembe mng'ono wako."

Brave anagwada. Simenti inali yofewa, yonyowa, ngati ya tsiku lija pa mjigo. Analemba chilembo choyamba, chachiwiri, chachitatu. Dzina lomwe ankafunitsitsa kulifafaniza, lero ankalilemba yekha pamalo pomwe silidzafufutika. Msomali unagwa.

"Adada, ndine," anatero. "Ndodo zija ndinazula ndine, ndi sipanala yake, inu muli ku mgonero. Anandipempha kuti ndikamugwirire chingwe, ndinakana. Ndinkafuna dzina langa pa simenti."

NyaShaba anakhala pansi pa dothi, osalira, akungoyang'ana mwana amene anamuphikira phala tsiku lija. Kenako a Ziba anawerama, natola msomali uja, naubwezera m'dzanja la Brave.

"Maliza kulemba, simenti ikuuma," anatero. "Ukamaliza tipite limodzi kupolisi. Mulungu akhoza kukukhululukira, ndipo ine ndidzayesetsa. Koma kuyankha uyankha."

Brave anamaliza dzina lonse, misozi ikudonthera m'zilembo. Masana omwewo bambo ndi mwana anakwera minibasi ya ku Boma, ndipo madzulo bamboyo anabwerera yekha.

Inu achinyamata, nsanje ndi tchimo, ndipo siyamba ndi zazikulu. Imayamba pamene dzina la mnzako likukuwawa kuliwerenga. Brave anachenjezedwa m'chigafa, anapatsidwanso mpata pakhomo pa gowelo, koma anasankha kukhala chete. Kulapa kwake kunafika, ndipo tikhulupirira kuti Mulungu anakumva, koma kunapeza mng'ono wake ali kale m'manda. Mukaona mbale wanu akuyamikiridwa mtima wanu nkuyamba kuwawa, gwadani tsiku lomwelo, ndipo akakupemphani kuti mukamugwirire chingwe, pitani.