Kabokosi ka Adokotala pa Ampulifaya ya Atelala

Kunyumba kwa atelala kunali mtendere. Pa kabati ya pabalaza panali choimbira mbale, ampulifaya yakale yokuzira mawu ndi masipika awiri aatali. Akaweruka pa makina, atelala ankaikapo mbale zawo za nyimbo za kwaya. Koma mbalezo zinali zitakandika, nyimbo n'kumabwereza mzere umodzi ngati chidakwa.

Mwana wawo wamwamuna, amene ankaphunzira ntchito pa shopu yokonza mawailesi, anawamvera chisoni.

"Bambo, kuli kabokosi kotenga nyimbo pa intaneti. Tikakalumikiza ku ampulifaya yanuyi, nyimbo zonse zija muzizimva bwinobwino."

"Gula kotsika mtengo, kamene thumba lako lingathe," anatero atelala. "Makutu angawa ndi okalamba, sasankha. Koma kumbuyo kwa ampulifaya usakhudzeko ine kulibe. Mabowo ake ndimawadziwa ndine."

Ana a masiku ano! Mawu a nkhalamba amawayesa mvula ya padenga.

Kushopu mnyamatayo anasankha kabokosi kakang'ono, kokwanira ndithu. Mnzake wa pantchito, amene ankadzitcha Injiniya, anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Aise, kachidole aka? Mdala wako wakulera kuti umupatse zimenezi? Taona uko."

Analoza kabokosi kodula konyezimira kamene adokotala ena anabweretsa kudzakonzetsa.

"Eni ake abwera Lolemba. Katenge lero, mdala amve kukoma, Lolemba m'mawa ukabweze."

"Si kuba kumeneko?"

"Wakuba ndi amene sabweza."

Mnyamatayo analowetsa kabokosi ka adokotalako m'chikwama.

Atafika kunyumba anapeza bambo ake atapita kukapereka suti kwa kasitomala. Amayi ake anakayang'anitsitsa kabokosiko.

"Iwe, malipiro ako omwe aja agula chimenechi?"

"Ananditsitsira mtengo, amayi." Bodzalo linatuluka mosavuta moti iye mwini anadabwa.

"Dikira bambo ako."

Sanadikire. Ankaopa kuti bambo akakagwira m'manja adzafunsa zambiri. Anatembenuza ampulifaya, nazula mawaya a choimbira mbale, n'kulowetsa ake m'mabowo omwewo. Sankadziwa kuti mabowo amenewo anawapangira kamawu kofooka ka singano ya mbale, ndipo amakuza mawu kwambirimbiri. Anapotokola voliyumu mpaka kumapeto.

Kunamveka kubangula, kenako phuu! Fungo la waya wopsa linadzaza pabalaza. Mwamantha anakoka chingwe, kabokosi ka adokotala n'kugwa pa simenti, phwa!

Lolemba abwana a pashopu, ataona kabokosi koswekako, anamuchotsa ntchito anthu akuona. Mnyamatayo atamutchula kuti ndiye anamutuma, Injiniya sanadzutse n'komwe mutu pa wailesi imene ankakonza.

"Ine? Ndinangonena kuti n'kokongola."

Atelala, munthu amene sanapepesepo kwa kasitomala chifukwa cha msoko wokhota, anaima pakhomo la shopu chipewa chili m'manja, kuchonderera kuti nkhaniyo isafike kupolisi. Abwana anawamvera chifukwa cha imvi zawo. Za kukonza ampulifaya yopsayo anangopukusa mutu: zipangizo zake anasiya kalekale kupanga.

Kunyumba mnyamatayo anagwada.

"Bambo, ndimafuna musangalale."

"Ndikudziwa, mwana wanga. N'chifukwa chake zikundiwawa. Dzuka, ndakukhululukira. Mawa ukhala pa makina, uyambe kusoka mabatani."

Inu achinyamata, imvani: chinthu cha mwini chotenga mobisa ndi chakuba, ngakhale mutatengera bambo anu okubalani. Amene akukutumani sadzagwada nanu.