Usiku Umene Thirakitala Anakana Kupatuka

Madzulo a Loweruka limenelo anali ngati madzulo ena onse pakhomo pa wokonza njinga. M'shedi ya kuseri munkanunkha girizi ndi labala. Mwana wamkazi wa pakhomopo anali atakhala pa ndowa yovundikira, akutsuka tcheni ndi mswachi wakale. Kukalabu ya opalasa njinga za m'mapiri ankamutcha Thirakitala, chifukwa ntchito yake inali kukoka.

Kukokako kunali kotere. Pokonzekera mpikisano, iye ankatsogola pa njinga yolemera yachitsulo, mlongo wake wamng'ono ali pambuyo pa njinga yopepuka. Wotsogola ndiye amang'amba mphepo. Ndiye amayamba kukumana ndi muzu, mwala ndi dzenje, wapambuyo n'kumangoponda pamene waponda mnzake. Akafika pa chitunda chomaliza, mnyamatayo ankakuwa kuti, "Patuka!" Thirakitala ankakhotera kumanzere, mlongo wake n'kudutsa ndi miyendo yosatopa. Bambo awo ankawomba m'manja pamwamba pa chitunda. Mnyamatayo dzina lake la kukalabu linali Mphezi.

Koma chaka chimenecho panali lonjezo. Njinga yopepuka inali imodzi yokha, ndipo bambo anali atanena pamaso pa banja lonse kuti pa mpikisano wa Lamulungu adzaipalasa ndi Thirakitala. Iye anapempha tchuthi ku sitolo ya mankhwala kumene ankagwira ntchito. Anatsitsa chishalo kuti chilingane ndi miyendo yake.

Bambo analowa m'shedimo ndi sipanala m'manja. Sanamuyang'ane. Anamasula chishalo chija n'kuyamba kuchikweza.

"Ababa, chishalocho ndachitchera ine. Mukuchikwezeranji?"

"Mawa kubwera mwini sitolo ya njinga uja. Akufuna wopalasa woti azivala malaya a sitolo yake."

"Ndiye anati akufuna mnyamata?"

"Sananene. Koma zina munthu sachita kuuzidwa."

"Munalonjeza, ababa."

"Mipikisano sithera mawa, mwanangu. Chaka chamawa chilipo. Iwe ukaime pa mlatho ndi mabotolo a madzi."

Mphezi anali atatsamira chitseko akusenda nthochi. "Musadandaule achemwali," anatero. "Chikho ndikabwera nacho, wochipukuta mudzakhala inuyo."

M'nyumba, mayi sanadzutse maso pa makina osokera. "Usalimbane ndi bambo ako usiku wa mpikisano," anatero motsitsa. "Komanso ukagwa chafufumimba, zipsera za kumaso sizichoka."

Thirakitala anayang'ana mawondo ake. Zipsera zinali kale mbwee. Chilichonse chinali dzenje limene iye anagweramo kuti Mphezi alilambalale.

Anthu anagona. Iye tulo sitinabwere. Kenako anadzuka, navala nsapato, natuluka mwakachetechete. Anatsitsanso chishalo. Anamangirira tochi pa chisoti. Sankafuna zambiri. Ankangofuna kuzungulira kamodzi njira ya mpikisano pa njinga imene anamulonjeza, abwere, aitsuke, aibwezere pamalo pake.

Njirayo inkayambira kuseri kwa thanki ya madzi, kumapeto kwa nyumba, n'kulowa m'nkhalango ya paini. A kalabu anali atamangirira kale maliboni ofiira m'mitengo. Kunali kutagwa mvula masana, ndipo nthaka inali yofewa. Njinga inkauluka. Akaponda kamodzi, inkapita patali ngati ikudzikankha yokha. Kwa nthawi yoyamba pambuyo pake panalibe munthu womudikira kuti atope. Anaseka yekha mumdima.

Kusekako kusanathe, anamva phokoso.

Tche-tche-tche-tche.

Aliyense wokulira pakhomo pa wokonza njinga amalidziwa phokoso limenelo. Ndi kulira kwa gudumu lakumbuyo munthu akasiya kupalasa, njinga n'kumayenda yokha. Koma iye anali akupalasa. Miyendo yake inali ikuzungulira, ndipo gudumu lake linali duu.

Kulirako kunkachokera pambuyo. Pafupi.

"Iwe Mphezi," anatero, "wanditsatira pa chitsulo changa?"

Palibe anayankha.

Anaganiza za tochi. Munthu wapambuyo akakhala ndi tochi, chithunzithunzi cha wotsogola chimagwera kutsogolo. Kutsogolo kwake kunalibe chithunzithunzi. Kunali mizu yonyowa ndi maliboni basi. Anatchera khutu kuti amve kupuma. Njira inali itayamba kukwera, pamene ngakhale akatswiri amapumira pakamwa. Sanamve mpweya wa munthu. Anangomva tche-tche-tche, ngati wapambuyoyo akukwera phiri osaponda n'komwe.

Kucheuka sikukanatheka. Njira inali yopapatiza, mitengo ili mbali zonse. Bambo anawaphunzitsa ali ana kuti njinga imapita kumene kwayang'ana maso. Ukacheuka m'nkhalango, umadzuka uli m'chipatala.

Anawonjezera liwiro. Kulirako kunawonjezeranso. Anagwira mabuleki pang'ono. Nako kunachedwa, osamugunda, osatsalira.

Atatuluka m'mitengo, njira inatambasuka m'mbali mwa damu. Pamenepo mphepo imawomba pamaso. Opalasa ali ndi chizindikiro chawo: wotsogola akatopa amagwedeza chigongono, wapambuyo n'kubwera kutsogolo kudzalandira mphepo. Ndi ulemu umene ngakhale adani amapatsana. Thirakitala anagwedeza chigongono. Anagwedezanso.

Palibe anabwera.

Njinga yopepuka ija inali itayamba kulemera, ngati wina waimangirira chingwe pansi pa chishalo. Thukuta linamulowa m'maso. Mantha anali pomwepo, ozizira, kumsana. Koma pansi pa mantha panatuluka chinthu china chowawa. Ngakhale kuno, anaganiza. Ngakhale usiku, ngakhale chinthu chopanda mpweya, chapeza msana wanga kuti chibisalepo.

Anafika pa mlatho wamatabwa, pamene anayenera kudzaima ndi mabotolo. Matabwa analira pansi pa matayala ake: gugudu-gugudu. Anawoloka. Pambuyo pake matabwa analiranso: gugudu-gugudu.

Apa anadziwa kuti si makutu ake.

Kutsogolo kunali malo amene a kalabu amawatcha Masitepe: miyala ikuluikulu yosanjikizana, yoterera. Pamenepo aliyense amatsika n'kunyamula njinga paphewa. Mphezi ankatsika. Bambo pa unyamata wawo ankatsika. Thirakitala anaona miyala ija ikubwera m'kuwala kwa tochi, ndipo anadziwa kuti sangaponde pansi. Kuponda pansi kunali kuima. Kuima kunali kuonana nacho.

Ananyamuka pa chishalo. Anakoka mahandulo. Tayala lakutsogolo linakwera mwala woyamba, lakumbuyo linaterereka, linagwira. Wachiwiri. Pedulo inakhula mwala mpaka kutulutsa moto. Sanadziwe kuti wadutsa bwanji, koma anapezeka ali pamwamba, mapazi onse ali pa mapedulo.

Tche-tche-tche-tche.

Kunatsala chitunda chomaliza. Chaka chimenecho a kalabu anadutsitsa njira ya pa chitundacho m'mphepete mwa mgodi wakale wa miyala. Kumanja kunali khoma la thanthwe. Kumanzere kunali liboni imodzi, ndipo kuseri kwa liboniyo kunali phompho.

Anatsitsa giya. Ntchafu zinkayaka. Ali pakati pa chitunda, mawu anamveka.

"Patuka."

Sanali mawu okuwa. Anali otsika, otopa, pafupi ndi khutu lake lamanja. Sanali a Mphezi. Sakanatha kunena ngati anali a mwamuna kapena a mkazi.

Manja ake sanadikire mutu. Anali atazolowera kumvera. Mahandulo anakhotera kumanzere okha, monga ankachitira nthawi zonse. Liboni inamukhudza pamkono. Tochi inaunika kutsogolo, ndipo sinaunike kanthu. Kunalibe udzu, kunalibe nthaka. Kunali mdima wokhawokha wopita pansi.

Anabweza njinga ndi thupi lonse. Timiyala tinagumuka pansi pa tayala n'kugwera kuphompho. Sanatimve tikufika.

"Patuka."

"Ayi."

"Patuka, Thirakitala."

Kumva dzina limenelo m'kamwa mosapuma, mantha ake anasweka, mkwiyo n'kutsala wokha.

"Ndakukoka usiku wonse," anatero, mawu akutuluka modukaduka. "Ngati ukufuna kudutsa, dutsa ndi miyendo yako."

China chake chinakhudza tayala lake lakumbuyo. Labala pa labala. Njinga inanjenjemera. Iye anaimirira pa mapedulo, nakhala pakati penipeni pa njira, osasiya mpata kumanja kapena kumanzere. Anaponda. Anapondanso. M'kamwa munamveka magazi. Anaona mitengo iwiri ya pomalizira itaima pamwamba, nsalu yake isanamangidwe.

Anadutsa pakati pake.

Pambuyo pake kulira kuja kunapatuka. Kunapita kumanzere, n'kumatsika, n'kumatsika, n'kumachepa. Anadikira kumva chinthu chikugunda pansi. Sichinagunde.

Anagwa pa udzu njinga ili pakati pa miyendo. M'maganizo mwake anali atangozungulira kamodzi. Koma atatsegula maso, kum'mawa kunali kutayera. Tochi inali itazima. Tcheni chimene anachitsuka madzulo chinali chouma gwa, ndipo mabuleki anali atadyeka mpaka pachitsulo, ngati njingayo yayenda mwezi wathunthu.

Amene anamupeza anali amuna a kalabu, atanyamula matebulo ndi nsalu ya pomalizira. Anaima patali. Wina anati, "Si mwana wa amakaniki uyu? Wagona kuno?" Palibe anamufunsa ngati wavulala.

Bambo anafika akuthamanga, atapeza shedi ili pululu. Anagwada. Chimene anayamba kugwira chinali njinga.

"Waipha," anatero. "Waipha njinga."

"Ababa, kunali munthu pambuyo panga."

"Nsanje, mwanangu. Nsanje idzakufikitsa patali."

Njira yachidule yobwerera kunyumba inali yomweyo ya mpikisano. Bambo anatsogola akukankha njinga, iye akutsimphina pambuyo. Matope anali atasunga zonse. Mzere wa tayala lake unkaoneka bwinobwino, tayala limene bambo analiveka okha. Pamwamba pake panali mzere wina, wopyapyala, wa tayala la mtundu wakale umene masitolo anasiya kugulitsa. Unkapondapo ndendende, osaphonya. Cha pamwamba pa chitunda unasiyana ndi mnzake, n'kudutsa pansi pa liboni, n'kuthera m'mphepete mwa phompho.

Bambo anaima. Anauyang'ana nthawi yaitali. Kenako anaufufuta ndi nsapato.

Pa Masitepe anaimanso. Anafufuza m'matope a pakati pa miyala. Ankafuna mapazi. Munthu wotsika pamenepo amasiya mapazi. Panalibe phazi ngakhale limodzi, koma tayala lokha, ndi kachizindikiro koyera pamene pedulo inakhula mwala.

Thirakitala anaona nkhope yawo. Anaona kuti amvetsa. Anadikira. Mtima wake, wopusawo, unadikira.

Bambo anakonza kukhosi.

"Ukafika usambe msanga," anatero. "Mabotolo ali pa tebulo."

Ndipo Thirakitala anakaimadi pa mlatho ndi mabotolo. Bambo anasintha tcheni ndi mabuleki mothamanga, Mphezi n'kuyamba nawo mpikisano. Popanda msana wobisalapo, mphepo ya pa damu inamudya. Anafika pa mlatho nkhope ili mbuu, nalanda botolo osamuyang'ana mlongo wake. Pa Masitepe anatsika. Anamaliza pakati pa otsalira, mwini sitolo atasankha kale mwana wa wina.

Madzulo ake nkhani inali itafika nyumba iliyonse ya mu msewu wawo. Ena ankati mtsikanayo anapita kukakwirira mankhwala m'njira kuti amange miyendo ya mlongo wake. Ena ankati anali ndi mwamuna m'nkhalango, njinga inali chophimbira. Mayi anasiya kutuluka panja masana. Njinga yopepuka anaimanga ndi loko, kiyi n'kumagona m'thumba la bambo.

Mkulu wina wogulitsa machubu a njinga pa ngodya anali ndi zake, ndipo ankazinena akayang'ana uku ndi uku. Ankati kalekale, kalabu isanakhale ndi maliboni, wopalasa wina anagwera mu mgodi uja pofuna kudutsa mnzake pa chitunda. Ankati chiyambire pamenepo wakufayo amafunafuna womukoka. Ankatinso anthu ena anapezekapo kale pansi pa phompholo ndi njinga zawo, ndipo onse anali anthu ofatsa, osadziwa kukana. Achibale awo anauzidwa kuti unali mowa.

Anyamata a kalabu amaseka akamva zimenezi. Koma dzuwa likapendeka ali m'nkhalango muja, palibe amene amafuna kukhala kutsogolo. Amachedwa dala, wina kumanga nsapato, wina kupopa tayala lodzadza kale. Kenako mmodzi amapita kwa wokonza njinga, chisoti chili m'manja, mwaulemu wonse.

"Bambo, mutibwereke Thirakitala atitsogolere," amatero. "Iyeyo anazolowerana nacho."

Ndipo bambo amamutuma, pa njinga yachitsulo.