Mtedza Woyamba Kugwa

Redson ankagulitsa mtedza wokazinga pa Lizulu, lichero pamutu, kuthamangira minibasi iliyonse yoima. Mkazi wake Nomsa ankakazinga, iye n'kumayeza ndi kasupuni. Koma umphawi, ayi ndithu, unam'kakamira ngati chisoso pathalauza. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Tikondwe, ankapita kusukulu chopanda nsapato.

Ndiye Saiti, mwini golosale ya pasiteji, anabwerako ku Joni ndi makina agalasi. Ukaponyamo ndalama yachitsulo n'kupotoza chogwirira, mtedza wosakaniza ndi soya ndi chimanga chokazinga unkagwera m'manja mwako. Anthu anachita kuunjikana, lichero la Redson osaliyang'ananso. Nsanje inamudya Redson mpaka anawoloka msewu kulowa mbali ya Mozambique, kwa sing'anga wina dzina lake Goliati.

"Makinawo mukagule, ine ndiwakonza," anatero Goliati. "Mtedza sudzatha m'menemo. Koma ndikufunseni, bambo. Mtedza wosathawo, wosenda ndani?"

"Mkazi wanga amasenda."

Goliati anaseka osaonetsa mano. "Timanja tiwiri? Ayi. Makina alionse amafuna wosenda wakewake. Mtedza woyamba kugwa mukapatse munthu wa pakhomo panu adye. Akadya, basi, walembedwa ntchito."

"Afa?"

"Wanena za maliro ndani? Ine ndati ntchito."

Redson anavomera. Anagulitsa ngolo imene malemu bambo ake anagula atabwerako ku migodi, n'kuitanitsa makina. Mtedza woyamba anapatsa mng'ono wake Yoramu, mnyamata wolongolola uja wokonda mpira. Posakhalitsa Yoramu anasiya kulankhula. Ankangokhala pakhonde, maso tong'o, zala zikuyenda ngati akusenda mtedza, chonsecho m'manja mulibe kanthu. Kuchipatala cha pa Boma sanam'peze ndi matenda.

Koma makina aja! Redson sanathiremo mtedza ngakhale kamodzi, koma unali thoo tsiku lililonse. Anafolera nyumba ndi malata, anagula njinga yamoto. Pakhonde pa Yoramu ankadutsa atayang'ana kumbali.

Mukuganiza anakhuta? Kukhuta kuti! Anafuna makina ena pa Nsipe, nabwereranso kwa Goliati.

"Mwabwera bwino," anatero sing'angayo. "Wantchito wanu watopa. Mwaziona zala zake? Zayamba kuchucha magazi. M'pezereni mnzake, apo ayi mukhala pambali pake ndinu."

Redson anachita mantha. Anasankha apongozi ake, mayi a Nomsa, amene ankakhala nawo pamudzi. Mumtima anati, akalamba kale, komanso si magazi anga.

Makina atsopano atafika, anaika mtedza woyamba m'mbale, n'kukagwada chapatali monga achitira mkamwini, nkhope atalozetsa kumbali.

"Amayi, mulaweko. Munditsekulire geni yatsopanoyi."

Mayiwo anaomba m'manja mofukusa, atafulatira. "Zikomo, bambo a Tiko. Mulungu akuwonjezereni."

Redson anakwera njinga yake ulendo wa ku Nsipe, mtima uli m'malo. Dyera linamuiwalitsa chinthu chodziwika kwa mwana aliyense wa ku Ntcheu: mpongozi satafuna chakudya pamaso pa mkamwini. Mayi aja anamanga mtedzawo pansonga ya chitenje kuti adye nthawi ina. Masana Tikondwe anaweruka kusukulu akulira njala, agogo ake n'kumasula mfundo ija.

Patapita masiku, Redson anabwerako ku Nsipe atanyamula nsapato zakuda za sukulu, zoyamba m'moyo wa mwanayo. Anam'peza atakhala pakhonde pambali pa Yoramu, maso tong'o, tizala tikuyenda.

"Tiko! Tikondwe, ona nsapato!"

Mwanayo anangopitiriza kusenda mtedza wosaoneka.

"Chiyambire dzana sanalankhule," Nomsa anatero akulira. "Amayi akuti mwanayu sanadye chachilendo, koma kamtedza munawapatsa kaja."

Redson anakuwa ngati waponda moto. Anathamangira kwa Goliati, nagwada, nati atenge njinga, malata, ngakhale iyeyo, bola amasule mwanayo.

"Wolembedwa sachotsedwa ntchito," anayankha Goliati, n'kutseka chitseko.

Tsiku lomwelo Redson anaphwanya makina onse awiri ndi mpini wa khasu. Munatuluka makoko okhaokha. Koma zala za Tikondwe sizinasiye kuyenda.

Mpaka lero mukaima pa Lizulu mumuona, mutu utasokonekera, tinsapato takuda titalendewera m'khosi mwake, akugogoda mawindo a minibasi: "Musadye! Lavulani!"

Abale anga, chuma cha zitsamba chimalipiridwa ndi anthu, ndipo wadyera sasankha yekha woti alipire. Lichero la Redson linkabweretsa zochepa, inde, koma mwana wake ankam'thamangira akuseka.