Madzi a Pakhomo pa a Sadok

Kodi ndani ankathira madzi pakhomo pa a Sadok, pomwe m'nyumbamo munalibe wa pa ulendo? Funsoli linazungulira kanjira kathu konse kuseri kwa doko lakale la mzinda wa Bizerte. Madzi timathira kumbuyo kwa munthu amene akuchoka, msana wake ukuonekabe, kuti njira imukomere ndipo adzabwerenso. Sitithira pachabe.

Anayamba kuwaona ndi Rawdha, mkazi wa Lotfi, mwana womaliza wa a Sadok. Potuluka m'mawa kukagula buledi anapeza mwala wa pakhomo uli wonyowa, madzi atayenderera cha kumsewu, chonsecho mvula inali isanagwe kwa miyezi.

Chitsekereni fakitale imene ankagwirako ntchito, Lotfi anali atalowedwa m'mutu ndi nkhani ya agogo ake a Khemais, amene anakwera sitima ya nkhondo m'nthawi ya Afalansa osabwereranso. Wina pomwera khofi anamuuza kuti mdzukulu wa msilikali wa pamadzi amapatsidwa mapepala olowera ku Ulaya. Anayenda m'maofesi a ku Tunis mpaka nsapato kuperepeseka. M'kaundula wa asilikali anapeza tsiku limene agogowo anakwera sitima, koma polemba tsiku lotsika kapena la imfa panali poyera. M'mabuku a kalembera anapeza kuti owerenga anthu akabwera, mkazi wawo ankawalembetsa kuti ali pakhomo, mpaka iye kumwalira.

"Munthu wanuyu sanafe, sanathawe, sanabwere," anatero mkulu wa mu ofesi. "Ndiye ife tilembe chiyani?"

Lotfi anabwerera kunyumba. Anasiya nthabwala zake, n'kumangonyamula mwana wawo wakhanda Sirine nthawi yaitali, akumununkhiza m'mutu.

M'mawa uliwonse pakhomo pankapezeka ponyowa. Amayi ogulitsa ndiwo zamasamba ankati Lotfi wadzutsa dzina limene linali litagona, ndiye mwini dzina akumabwera kudzaima pakhomo pake, zovala zikudontha. Ena ankanong'ona zina, ndipo Rawdha akayandikira ankakhala chete. Koma iye anazimvabe: madzi amathiridwa wochoka, ndipo m'nyumbamo wodwala ndi mmodzi. Sirine anali ndi chifuwa chouma chimene mankhwala a kuchipatala sankachithetsa.

"Bambo a Sirine, kodi inu simukuziona izi?" anafunsa Rawdha.

"Ndi amphaka a kudoko amenewo, akukodzera ufumu wawo," anayankha Lotfi, akuyesa kuseka. Sanamuyang'ane kumaso.

Usiku umenewo Rawdha sanagone. Mdima unali bii, ndipo kunja kunkangomveka zingwe za mabwato zikulira pang'onopang'ono, ngati munthu wobuula. Kenaka anamva mapazi okhwekhwereza pabwalo la mkati mwa nyumba, chitseko chachikulu chikutseguka mosamala, ndiyeno madzi, khwaaa, pamwala. Pambuyo pake panamveka mawu otsika kwambiri, ngati pemphero. Mwana anatsokomola. Rawdha anamukumbatira.

Usiku wotsatira anamva zomwezo, koma madziwo atathiridwa chinthucho chinaima nthawi yaitali pakhomo, chikupuma movutika.

Kutacha Rawdha anaganiza zothana nazo. Madzulo ake, osauza munthu, anatseka mpopi wa madzi a nyumba yonse, n'kutenga mitsuko, ndowa ndi ketulo kuzilowetsa m'kachipinda kamene ankagona ndi mwana chidwalireni. Anakhoma chitseko. Kaya ndi munthu kaya ndi chiyani, mwana wake sadzamuthirira madzi.

Pakati pa usiku mapazi aja anayamba. Analowera kukhitchini. Mpopi unalira wouma, poto anagwa, ndipo mapaziwo anayenda uku ndi uku mofulumira kuposa masiku onse. Kenaka chitseko cha Rawdha chinagogodedwa ndi chala chimodzi.

"Rawdha, mwana wanga," ananong'ona mawu onjenjemera. "Madzi ali kuti?"

Anali a Sadok, apongozi ake. Rawdha anatsegula pang'ono.

"Bambo! Ndinu? Mukufuna kundiphera mwana?"

"Mwana uti? Ndikuthirira wanga. Lotfi anagulitsa njinga yake yamoto, analipira anthu a bwato lopita ku Italy. Ndinamumva pafoni. Sindikudziwa usiku wake, ndiye ndimathira usiku uliwonse."

"Bwanji osandiuza?"

"Ndikanakuuza ukanalira, iye akananyamuka msanga. Tsiku limene bambo anga ankachoka, mayi anali pa ululu wobereka ine, ndipo nyumba yonse inaiwala madzi. Fulumira, mwana wanga, ndamva chitseko."

Rawdha anathamanga ndi mtsuko. Chitseko chachikulu chinali chotsegula, bedi la Lotfi lili lofundabe. Anaponya madzi onse mumsewu, a Sadok akuitana dzina la mwana wawo ndi mawu osamveka n'komwe. Koma kanjira konse kanali mbee mpaka pokhota. Msana wake sanauone.

Chifuwa cha Sirine chinatha chokha nyengo itafunda. Foni ya Lotfi sinaitanenso. Rawdha anapita kulikonse kumene amasunga mayina a opulumuka ndi a omira, ndipo dzina lake silinapezeke mbali iliyonse. Abale anabwera kudzanena zoti kumzikiti apempherere Lotfi pemphero la wakufa amene thupi lake lili kutali. Rawdha anawapatsa tiyi, n'kuwauza kuti mwamuna wake wangotuluka.

A Sadok tsopano sadzuka pabedi, ndipo Rawdha akulumbira kuti iye sathira. Koma masiku ena m'mawa mwala uja umapezeka wonyowa. Madziwo sayendereranso kumsewu, amadutsa pansi pa chitseko kulowera m'nyumba, ndipo akauma amasiya mchere woyera.

Ine nyumba yanga ndi yoyang'anana ndi yawo, ndipo nanenso ndili ndi khanda ndi mwamuna wosowa ntchito. Ndimagona mtsuko uli wodzaza pafupi ndi chitseko.

Inu amene muli tsidya lija la nyanja, mukadzakumana ndi munthu wamtali wa ku Bizerte, wa chipsera pachibwano, dzina lake Lotfi, musamufunse zambiri. Mungomuuza kuti Sirine wayamba kuyenda, ndipo mumubwereke foni yanu aimbe kwawo.