Milomo ya Pinki ndi Chimfine Chabodza

Mumpingo wathu ku Kanjedza panalibe amene sankalidziwa banja la a Matewere. Bambo anali mkulu wa mpingo, mayi anali a Mvano, ndipo ana awo aakazi awiri, Daisy ndi Felicia, ndinawaphunzitsa ndine Sande sukulu. Daisy, wamkuluyo, anali wofatsa. Felicia ndiye anapatsidwa mawu. Akaima kutsogolo kwa kwaya, ngakhale azibambo aja ozolowera kusinza nthawi ya zolengeza ankadzuka n'kukhala bwino.

Choncho Daisy atapeza banja, anapempha chinthu chimodzi chokha kwa mng'ono wake.

"Mphatso usavutike nayo. Ndikamadzalowa m'tchalitchi, udzandiimbire iweyo wekha, popanda kwaya."

"Achemwali, imeneyonso ndi nkhani? Ndidzaimba mpaka alamu adzagwetse misozi," anatero Felicia.

Analonjeza ndi mtima wonse, ndipo ine ndikukhulupirira kuti tsiku limenelo sankanama.

Felicia, wa zaka makumi awiri ndi chimodzi, ankagwira ntchito yolandira alendo pa ofesi ina ku Mandala. Kumeneko n'kumene anapalana ubwenzi ndi Stacy, mtsikana amene sankatha kudutsa pa galasi, ngakhale la galimoto ya eni, osaima. Tsiku lina Stacy anabwera kuntchito milomo ili pinki, yosachoka ngakhale amwe tiyi.

"Ndi tatuu iyi, mwana. Amachita kulowetsa utoto ndi kasingano," anatero Stacy. Kenaka anamuyang'ana mnzakeyo ngati akumumvera chisoni. "Koma iweyo udzaima kutsogolo kwa makamera ndi milomo yakudayo? Anthu adzati mwana wa a mkulu wa mpingo amasuta."

Zaka zonsezi Felicia anali asanaionepo vuto milomo yake. Kuyambira tsiku limenelo sankaonanso china. Mu minibasi ankayang'ana milomo ya anthu. Pa desiki ankangotsegula kamera ya foni, kutseka, kutsegulanso. Mtendere unamuthawa.

Anayesa kuwazungulira amayi ake ali kukhitchini.

"Amayi, mwawaona atsikana a masiku ano akusinthitsa mtundu wa milomo?"

"Milomo yako yalakwa chiyani? Ikudya, ikuyankhula, ikuimbira Mulungu. Ukufuna izichitanso chiyani, izilima?" anayankha amayi. "Felicia, ukwati wayandikira. Usandibweretsere zachilendo m'nyumba muno. Wamva?"

"Ndamva, amayi. Ndimangofunsa."

Loweruka lotsatira, kutatsala masabata awiri kuti ukwati uchitike, anatsanzika kuti akupita kukayesa diresi kwa telala. Anakwera minibasi ya ku Limbe, komwe Stacy ankamudikira.

Saluniyo inali m'kachipinda kapamwamba pa sitolo ya nsalu. Ndinene zoona, mayi wa pamenepo sanali wachinyengo. Malo anali aukhondo, singano anatsegula yatsopano Felicia akuona. Ndipo asanayambe anafunsa funso.

"Pali ukwati, chinkhoswe, kapena chilichonse chachikulu mwezi uno? Ngati chilipo, bwererani, mudzabwere chikatha. Ichi ndi chilonda, chimafuna nthawi."

Stacy anamuponda phazi mnzakeyo pansi pa mpando.

"Palibe, anti," anatero Felicia.

Atamaliza, mayiyo anamukhazika pansi n'kumulangiza pang'onopang'ono. Masiku awiri oyamba milomo itupa. Kenaka ichita nkhanambo ndipo iziyabwa kwambiri, koma asaikande, asaisende, nkhanambo zigwe zokha. Azipukuta ndi thonje lonyowetsa m'madzi owiritsa atazizira, n'kupaka pang'ono chabe mafuta amene anamupatsa m'kabotolo. Zotentha ayi, tsabola ayi, mandimu ayi, lipisitiki ayi. Milomo izipitidwa mphepo, ndipo nthunzi isaifike.

"Mtundu weniweni mudzauona pakatha masabata asanu ndi limodzi. Mukaona mafinya kapena thupi likatentha, thamangirani kuchipatala, musadikire," anatero, akumupatsa pepala lolembapo zonsezi.

Pepalalo silinafike ku Kanjedza. Felicia anakumbukira kuti amayi ake akamasesa m'chipinda chake sasiya pepala losawerenga, ndiye analikwinya n'kuliponya m'ngalande pa depoti. Kabotolo ka mafuta anapatsa Stacy kuti akamusungire ku ofesi. M'malo mwake anagula masiki.

Pofika kunyumba milomo inali itatupa ngati yolumidwa ndi mavu.

"Nanga masikiwo?" anafunsa amayi.

"Chimfine, amayi. Sindikufuna kupatsira achemwali."

"Mwana wanga ameneyu amaganizira anzake," anatero amayi, ndipo Felicia analowa m'chipinda mwachangu chifukwa mawuwo anamubaya.

Lamulungu sanapite kutchalitchi. Chakudya ankadyera kuchipinda, chitseko chotseka. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa la ku Blantyre likuotcha, iye masiki ali kukamwa kuyambira m'mawa mpaka kuweruka, thukuta likutsikira pachilonda. Lachiwiri nkhanambo zinayamba. Kuyabwa kwake kunkamupangitsa kupondaponda pansi pa desiki. Ankadzuka, kupita kubafa, kukadziyang'ana, kubwerera, kudzukanso.

Tsopano, amayi Matewere si munthu woti angaonerere chimfine cha mwana masiku anayi, makamaka mwana woti akaimbe paukwati. Lachitatu Felicia ataweruka anapeza beseni la madzi owira lili pakati pa balaza, masamba a bulugama akuyandama, bulangete lili pampando.

"Gwada apa ufukize. Mawuwo tikuwafuna."

"Amayi, ndayamba kupeza bwino."

"Ukupeza bwino uli chivalire masiki? Gwada."

Apa ndi pamene Mulungu anamutsegulira khomo. Akanangonena kuti amayi, ndinakunamizani, akanakalipiridwa madzulo amodzi basi. Felicia anayang'ana nthunziyo, anakumbukira mawu a mayi wa ku Limbe, koma anagwada. Anamufunditsa bulangete, iye n'kuvulira masiki mkati momwemo. Nthunzi inamenya pachilonda, misozi ili chuchuchu, amayi atagwira bulangete kuti mpweya usatuluke.

"Usavundukule! Pirira, ndi mmene chimathera."

Atatuluka anamupatsa kapu ya jinja wotentha wofinyiramo mandimu atatu. Anakamwera kuchipinda akulira. Anamufukiza motero Lachitatu, Lachinayi ndi Lachisanu.

Nkhanambo zinafewa n'kuyamba kulendewera. Loweruka linali tsiku la bulaido shawa ya Daisy, ndipo kumeneko mng'ono wa mkwatibwi sakanavala masiki. M'mawa anaimbira Stacy.

"Zasanduka ngati makoko a mbatata. Nditani?"

"Iwenso usakhale ngati wa kumudzi. Senda, upake lipisitiki pamwamba, palibe angadziwe," anatero Stacy. "Ine ndinasenda zanga, ndinafa?"

Anasenda. Pena zinkachoka ndi utoto womwe, pena ndi magazi. Anapaka lipisitiki wofiira kawirikawiri pamwamba pa nyama yaiwisi. Pa shawa anthu anamuyamikira kuti watchena. Azakhali ake anamuikira m'mbale kanyenya wothira kambuzi n'kuima pomwepo kuti aone ngati mwana wachira, ndipo iye anadya akumwetulira, m'mutu mukulira ng'oma.

Lolemba masiki anabwerera. Chimfine chayambiranso, anatero. Milomo inali itang'ambika ndipo pakona panayamba kutuluka mafinya. Mawu aja oti thamangirani kuchipatala anawakumbukira bwinobwino, koma kuchipatala amafunsa mafunso. Anafunsa Stacy.

"Thira sipiriti, chiuma lero lomwe."

Anathira sipiriti m'bafa la ku ofesi, ndipo anagwira sinki ndi manja onse kuti asakuwe. Sichinaume. Lachitatu anayesa kuimba nyimbo ija motsitsa, koma atangotsegula pakamwa mlomo wam'munsi unang'ambika. Lachinayi anathawa kokonzekera komaliza kutchalitchi. Daisy anabwera kudzagogoda pachitseko chake.

"Feli, ukwati ndi mkuja. Ngati sukwanitsa ndiuze, sindikwiya."

"Ndiimba, achemwali. Ndikungosunga mawu."

Lachisanu m'mawa sanatuluke m'chipinda. Amayi atalowa anamupeza akunjenjemera, thupi lili moto, tsaya ndi pansi pa chibwano zitatupa. Felicia anali atagona ndi masiki poopa kuti wina angalowe. Amayi atati awachotse, masikiwo anakana. Anali atamatirira kumilomo.

"Mayo ine! Bambo a Daisy, bwerani kuno!"

Kuchipatala anachita kunyowetsa masikiwo kuti achoke. Dokotala, mayi wachikulire wosazungulira poyankhula, anayang'ana kamodzi kokha.

"Tatuu imeneyi munapangitsa liti?"

Bambo anayang'ana amayi, amayi anayang'ana mwana.

"Masabata awiri apitawo," Felicia anayankha movutikira.

"Munauzidwa kasamalidwe kake?"

Anagwedeza mutu kuvomera.

"Ndiye mwachitapo chiyani kuti chifike apa?"

Anaulula zonse: masiki, kusenda, lipisitiki, sipiriti. Atafika pa kufukiza, amayi anakhala pansi pa benchi mwadzidzidzi.

"Ndiye kuti chimfine panalibe? Ine ndi manja angawa ndimagwira bulangete, ndikuphika chilonda cha mwana wanga, iwe uli chete?"

Amayi anayamba kulira. Kulirako kunamupweteka Felicia kuposa sipiriti uja.

Dokotala anati matenda ayamba kulowa m'magazi, ndipo akanachedwa tsiku lina limodzi nkhani ikanakhala ina. Anamugoneka, n'kumuika diripi. Zotuluka mawa, anati, aiwale.

Loweruka linafika. Azakhali anabwera m'mamawa atanyamula diresi la amayi, lija anasoketsa miyezi itatu m'mbuyomo, ndi duku lake.

"Mlamu, valani muzipita. Ine ndikhala naye. Mwana wanu woyamba akukwatiwa lero."

Amayi anavala ndithu. Anamanga duku, anatenga chikwama, anafika mpaka pakhomo la wodi. Atatembenuka anaona Felicia akunjenjemeranso, mano akugundana, namwino akuthamangira kukaitana dokotala. Anabwerera, n'kuika chikwama pansi.

"Mlamu, pitani inuyo. Mukamuuze Daisy kuti andikhululukire."

"Amayi, pitani, chonde," Felicia anayesa kunena, koma milomo sinkatha kutulutsa mawu omveka.

Ine ndinali m'tchalitchi tsiku limenelo. Nthawi ya naini Daisy analowa atagwira mkono wa bambo ake. Panalibe woimba, woliza kiyibodi anangoliza nyimboyo yopanda mawu. Mkwatibwi atafika kutsogolo anayang'ana pa benchi yoyamba, pamalo a mayi wa mkwatibwi, napeza pali azakhali. Analira nthawi yonse ya malumbiro, ndipo alendo ochokera kuchimuna ankati ndi chimwemwe.

Nthawi yomweyo ku wodi, amayi Matewere, atavala diresi laukwati, ankapukuta mafinya ndi thonje. Kutentha kutatsika masana, Felicia anapempha cholembera, popeza kuyankhula kunkamupweteka. Analemba kuseri kwa katoni ya mankhwala: Ndinachimwira Mulungu, inu ndi achemwali. Amayi anawerenga, anamugwira dzanja, napemphera naye.

"Ndakukhululukira," anatero. "Koma lero silidzabweranso, mwana wanga."

Felicia anatuluka m'chipatala patatha masiku asanu ndi limodzi. Stacy sanapondeko kuchipatala, anangotumiza uthenga woti khungu la anthu ena ndi lovuta. Milomo inapola, koma ya mawangamawanga, pena pinki pena pakuda, ndipo wam'munsi unatsala ndi chipsera chokoka. Daisy anamukhululukira, ngakhale panapita miyezi asanayambirenso kuseka naye ngati kale. Felicia anadzaima yekha pamaso pa achinyamata a mumpingo n'kufotokoza nkhaniyi, ndipo ndiye anandilola kuti ndiilembe.

Ana anga, mverani. Singano ya ku Limbe si imene inamugoneka Felicia m'chipatala. Chilonda chija chikanapola chikanasamalidwa poyera, monga anamuuzira. Chimene chinamuwononga ndi mtima wosakhutira ndi mmene Mulungu anamulengera, kusamvera, ndi bodza limene ankalisamala kuposa thupi lake. Mukalakwa, ululani tsiku lomwelo, manyazi akadali aang'ono. Mnzanu amene akukuuzani kuti palibe angadziwe sadzakhalapo tsiku lodziwikalo. Adzakhalapo ndi amene amakukondani, ndipo ndi iwowo amene adzataye zimene sizibwezeka.